Mtima wa Galu ndi Mphaka: Tiwerenge Kupuma, Tilembe m'Kope



M'makalasi athu takambirana kale za ulimi, za thanzi la ana ndi za kusunga ndalama. Lero tikambirane za ziweto ziwiri zimene sitigulitsa pamsika, koma zimatigwirira ntchito usana ndi usiku. Ziwetozi ndi galu ndi mphaka.

Galu amalonda pakhomo inu muli m'tulo. Amathamangitsa anyani kumunda ndi afisi kukhola. Mphaka amalonda nkhokwe ndi matumba a chimanga kuti makoswe asatimalize. Antchito awiriwa safunsa malipiro. Koma nawonso amadwala, ndipo sangathe kutiuza pamene pakupweteka.

Ena mwa matenda amene amawagwira ndi a mtima. Matendawa amabwera mwakachetechete. Mtima sitingauone ndi maso. Komabe pali njira yodziwira msanga kuti mtima wayamba kufooka. Njirayi sifuna ndalama. Ifuna zinthu zimene inu mwaphunzira kale m'sukulu muno: kuwerengera, kuona nthawi ndi kulemba.

NTCHITO YA MTIMA

Nonse mumaudziwa mjigo. Mukamapopa, madzi amakwera kuchokera pansi. M'kati mwa mjigo muli timalabala timene timatseka njira kuti madzi asabwerere pansi. Labala akatha, mumapopa mpaka thukuta, koma madzi amatuluka ochepa.

Mtima umagwira ntchito chimodzimodzi. Uli ndi zipinda zinayi, ndipo pakhomo pa zipindazo pali tizitseko. Mbali ya kumanja imatumiza magazi kumapapo kukatenga mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere imatumiza magaziwo m'thupi lonse. Tizitseko timaonetsetsa kuti magazi akupita kutsogolo kokha.

Mtima ukafooka, magazi amachedwa m'mitsempha. Madzi a m'magazi amayamba kudontha kulowa m'mapapo kapena m'mimba. Mapapo akakhala ndi madzi, chiweto chimavutika kupeza mpweya. Ndiye chimayamba kupuma mofulumira. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tibwererakonso.

Kodi mufuna kuumva mtima wa galu wanu? Ikani chikhatho kumanzere kwa chifuwa chake, kumbuyo kwa chigongono cha mwendo wa kutsogolo. Mudzamva kugunda. Mtima wa mphaka umathamanga kwambiri kuposa wa munthu. Zimenezo zisakudabwitseni. Ndi chilengedwe chake.

MATENDA A MTIMA KWA GALU

Oyamba ndi matenda a kutha kwa tizitseko. Awa ndiwo ofala kwambiri. Mwa agalu anayi odwala mtima, pafupifupi atatu amadwala matenda amenewa. Amakonda kugwira agalu okalamba, makamaka a thupi laling'ono. Kachitseko ka kumanzere kamakhuthala ndi kupindika, ndipo sikatsekanso bwino. Magazi ena amabwerera m'mbuyo, ngati madzi a mjigo wa labala wakutha. Matendawa amayenda pang'onopang'ono. Galu angathe kukhala nawo zaka zingapo asanaonetse chizindikiro.

Achiwiri ndi matenda a kutanuka kwa mtima. Awa amakonda agalu akuluakulu, monga a mtundu wa Doberman, Boxer ndi Great Dane. Mtima umakula, koma makoma ake amapyapyala. Umakhala ngati legeni yakale imene yatanuka, yosathanso kukoka. Galu wotere angaoneke wamphamvu lero, mawa n'kugwa mwadzidzidzi.

Achitatu ndi nyongolotsi za mu mtima. Izi n'zosiyana ndi njoka za m'mimba. Zimafalitsidwa ndi udzudzu. Udzudzu ukaluma galu wodwala, umatenga tiana ta nyongolotsizi ndi kukatisiya mwa galu wina. Pakapita miyezi pafupifupi 6, nyongolotsi zimakula ndi kukhala mu mtima ndi m'mitsempha yopita kumapapo. Imodzi ingatalike mpaka masentimita 30, ngati lula ya mwana wa sukulu. Matendawa amapezeka m'madera ambiri otentha a dziko lapansi, kuphatikizapo madera ena a ku Mozambique. Ngati kwanu kuli udzudzu wambiri, funsani alangizi a ziweto ngati nyongolotsizi ziliko. Mankhwala oziteteza alipo, koma galu ayenera kuyezedwa magazi asanayambe kumwa.

MATENDA A MTIMA KWA MPHAKA

Kwa mphaka nkhani ndi ina. Nthawi zambiri makoma a mtima wake amakhuthala. Ganizirani mtsuko umene woumba waupaka dothi lochuluka m'kati. Kunja ukuoneka waukulu, koma madzi olowamo ndi ochepa. Mtima wa mphaka wodwala umatero. Magazi olowamo amachepa. M'chaka cha 2015, akatswiri a ku Britain analengeza zimene anapeza atayeza amphaka 780 ooneka athanzi. Pafupifupi mphaka mmodzi mwa amphaka 7 alionse anali ndi vuto limeneli.

Pali vuto linanso limene limabwera ndi chakudya. Mphaka analengedwa kuti azidya nyama. Mu nyama ndi mu nsomba muli chakudya china chofunika ku mtima wake, dzina lake taurine. Mu nsima mulibe. M'chaka cha 1987, madokotala a ziweto a ku California, ku America, anapeza kuti amphaka osowa chakudya chimenechi mtima wao umatanuka ndi kufooka. Atawapatsa taurine, ambiri anachira. Choncho mphaka wodya nsima yokha ali pa ngozi. Ena amati mphaka ukamupatsa ndiwo amaleka kugwira makoswe. Zimenezo si zoona. Mphaka wokhuta ndi wathanzi ndiye amakhala ndi mphamvu zosakira. Mpatseni mitu ya usipa, matumbo a nkhuku ophika kapena kanyama.

ZIZINDIKIRO

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wanu akasintha khalidwe, pali chifukwa. Yang'anirani zinthu izi:

1. Kutopa msanga. Galu amene ankatsogola popita kumunda tsopano akutsalira m'mbuyo, kapena akukhala pansi panjira.
2. Kutsokomola, makamaka usiku ndi m'mbandakucha, ngati watsamwa fupa.
3. Kupuma mofulumira kapena movutikira, ngakhale kunja kukuzizira.
4. Kusowa tulo. Akugona, akudzuka, akusinthasintha malo.
5. Kutupa mimba, pamene msana ndi miyendo zikuonda.
6. Kukomoka akathamanga kapena akasangalala, kenaka n'kudzukanso.
7. Nkhama zotuwa kapena zoderapo m'malo mokhala zofiirira.

Mphaka amabisa matenda kuposa galu. Nthawi zambiri satsokomola. Amangobisala, kugona kwambiri ndi kukana chakudya. Koma pali zizindikiro ziwiri zoopsa. Choyamba ndi kupuma atayasama kukamwa. Galu amachita wefuwefu kukatentha, ndipo n'zachibadwa. Mphaka satero kawirikawiri. Mukaona mphaka ali phee koma akupuma atayasama, moyo wake uli pa ngozi. Chachiwiri ndi kufa miyendo ya kumbuyo mwadzidzidzi. Mphaka amalira ndi ululu, amakwawa ndi miyendo ya kutsogolo, ndipo mapazi a kumbuyo amazizira. Chimachitika n'chakuti magazi amaundana mu mtima, ndipo chibulumacho chimakatseka mtsempha wopita ku miyendo.

Apa ndipemphe chinthu chimodzi. Galu akagwa mwadzidzidzi, timafulumira kunena kuti wina wamudyetsa poizoni kapena wamulodza. Mphaka akafa miyendo, timati ana a mnansi amumenya ndi ndodo. Mabanja ena anasiya kupalana moto chifukwa cha nkhani zotere. Poizoni alipo ndithu, koma matenda a mtima nawo amagwetsa chiweto chimodzimodzi. Musanaloze chala munthu, pezani woyeza chiwetocho.

TIWERENGE KUPUMA

Tsopano tafika pa phata la nkhani yathu. Ndinanena kuti madzi akayamba kulowa m'mapapo, chiweto chimapuma mofulumira. Kusinthaku kumayamba pang'onopang'ono, maso asanaone kuti chiweto chikuvutika. Koma munthu wodziwa kuwerengera angathe kukuzindikira. Madokotala a ziweto m'maiko ambiri amaphunzitsa eni ziweto njira imeneyi. Chitani motere:

Dikirani kuti galu kapena mphaka agone tulo tofa nato, pamthunzi kapena madzulo kukazizira. Musamukhudze, musamudzutse.

Yang'anani nthiti zake. Zikakwera ndi kutsika, kumeneko ndi kupuma kamodzi. Musawerenge kawiri. Kukwera ndi kutsika pamodzi ndi kamodzi.

Tengani wotchi kapena foni. Werengani kupumako kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati mphindi yakutalikirani, werengani kwa masekondi 30, kenaka muchulukitse kawiri. Mukapeza 11, ndiye kuti 11 kuphatikiza 11, yankho ndi 22. Ngati kuona nthawi ndi kuwerengera pamodzi kukuvutani, itanani mwana agwire wotchi inu mukuwerenga. Mutu umodzi susenza denga.

Musawerenge pamene chiweto chikulota ndi kuphiriphitha miyendo. Musawerengenso pamene chabwera kumene kothamanga, kapena chagona padzuwa.

Nambala yoti muikumbukire ndi 30. Galu kapena mphaka wathanzi akagona tulo amapuma kosafika ka 30 pa mphindi imodzi. Ambiri amapuma kosapitirira ka 25. Mukapeza nambala yopitirira 30, dikirani pang'ono ndi kuwerenganso. Ikapitirirabe, pitani kwa alangizi a ziweto osachedwa. Ikafika 40 kapena kupitirira, kapena ngati chiweto chikukoka mpweya ndi mimba, musadikire mawa.

Tsopano tengani kope. Kumapeto kwa kope lanu patulani tsamba limodzi. Pamwamba lembani dzina la galu ndi zaka zake. Jambulani mizere itatu: tsiku, nambala, ndi zimene mwaona. Chitsanzo ndi ichi:

Bingo, zaka 9
Lolemba: 22. Wadya bwino.
Lachitatu: 24. Watsokomola usiku.
Lachisanu: 29. Watsalira popita kudimba.
Lamulungu: 36. Wakana nsima.

Onani manambalawo: 22, 24, 29, 36. Akukwera. Pofika Lachisanu, nambala inali isanadutse 30, koma kope linali litayamba kale kuchenjeza. Ubwino wa kulemba ndi umenewu. Mutu umaiwala, kope siliiwala.

Yambani kuwerenga chiweto chikadali bwino, kuti mudziwe nambala yake ya masiku onse. Kwa galu kapena mphaka wachikulire wooneka wathanzi, kamodzi pa sabata n'kokwanira. Kwa amene dokotala wamupeza ndi matenda a mtima, werengani tsiku lililonse, kapena monga dokotalayo wakuuzirani.

KWA DOKOTALA WA ZIWETO

Kope silitchula dzina la matenda. Limangokuuzani kuti nthawi yopita yakwana. Kutsokomola kungabwere ndi chifuwa wamba. Nkhama zotuwa zingabwere ndi matenda a nkhupakupa. Kagalu kotupa mimba nthawi zambiri kali ndi njoka za m'mimba. Wosiyanitsa zonsezi ndi munthu wophunzira za ziweto. Paja safunsa anadya phula.

Yambani ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena ofesi ya za ziweto ya paboma. M'mizinda muli zipatala za ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli la BSPCA. Ku Bunda, pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, amaphunzitsa madokotala a ziweto.

Popita, galu wodwala musamukoke pa chingwe kumbuyo kwa njinga. Munyamuleni m'dengu, pa wilibala kapena pa ngolo, ndipo nyamukani kukadali kozizira. Mphaka muikeni m'katoni yoboola mabowo. Musamuike m'thumba, angabanike. Musaiwale kope.

Dokotala adzakufunsani mafunso. Chiweto chili ndi zaka zingati? Chinayamba liti? Chimadya chiyani? Inu mudzangotsegula kope ndi kuwerenga. Kenaka iye adzamvetsera chifuwa ndi chipangizo cha m'makutu chija mumachiona kuchipatala. Kachitseko kakatha, magazi obwerera m'mbuyo amachita phokoso loti fuu, fuu, ndipo iye amalimva. Kumene kuli zipangizo, amajambula ekiselo kuti aone kukula kwa mtima ndi madzi a m'mapapo. Amathanso kuunika ndi sikani, yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera. Sikani imathandiza kwambiri kwa mphaka, chifukwa amphaka ena odwala mtima samveka phokoso lililonse.

MANKHWALA

Ndikuuzeni zoona. Kachitseko kakatha sikabwereranso mwakale. Matenda ambiri a mtima sachizika. Koma mankhwala amachepetsa kuvutika, ndipo amatalikitsa moyo.

Pali mankhwala otchedwa furosemide. Awa amachotsa madzi m'mapapo kudzera mu mkodzo. Galu akamamwa mankhwalawa amakodza pafupipafupi ndipo amamva ludzu. Musamumenye akakodza pakhonde. Musamumane madzi. M'mbale yake muzikhala madzi nthawi zonse.

Pali ena otchedwa pimobendan. Awa amathandiza mtima wa galu kupopa ndi mphamvu. M'chaka cha 2016 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa agalu 360 amene mitima yao inali itakula chifukwa cha kutha kwa kachitseko, koma anali asanayambe kuvutika. Agalu amene anamwa mankhwalawa anakhala bwino miyezi ina pafupifupi 15 kuposa anzao. Apa mukuona phindu la kupeza matenda msanga.

Kwa mphaka, dokotala angaperekenso mankhwala oletsa magazi kuundana.

Malamulo a mankhwala ndi atatu. Loyamba, werengani zimene zalembedwa pa pepala, ndipo perekani muyeso womwewo pa nthawi yake. Mukapereka, chongani m'kope. Lachiwiri, musasiye mankhwala poona kuti chiweto chapeza bwino. Chapeza bwino chifukwa cha mankhwalawo. Mukasiya, madzi amabwerera. Lachitatu, musapatse chiweto mankhwala a anthu popanda kuuzidwa ndi dokotala. Mapiritsi a agogo a kuthamanga kwa magazi ndi a agogo. Ndipo mvetsani bwino ichi: Panado amapha mphaka. Ngakhale piritsi limodzi lingathe kumupha.

KUSAMALA KUNYUMBA

Chepetsani mchere. Mchere umasunga madzi m'thupi. Patulani chakudya cha galu wodwala musanathire mchere mu ndiwo. Nsomba zouma zothira mchere muyambe mwazinyika m'madzi.

Mpatseni malo a mthunzi, ouma, opita mphepo. Musamumange padzuwa. Kolala yothina pakhosi imawonjezera kutsokomola.

Mulekeni ayende monga angathere, koma ulenje ndi maulendo aatali zatha. Uzani anyamata asamutengenso kosaka. Akakhala pansi, mulekeni apume.

Kwirirani zithaphwi pakhomo. Mukatero mwachepetsa udzudzu umene umavutitsa galu, ndi umene umabweretsa malungo kwa ana anu.

Musaope kukhala naye pafupi. Kutha kwa tizitseko, kutanuka ndi kukhuthala kwa mtima si matenda opatsirana. Ana sangatengere.

Ena mukuti, ndalama zake tizipeza kuti? Funso ndi loona. Mankhwala a tsiku ndi tsiku amadula, ndipo pakhomo pali zosowa zambiri. Muuzeni dokotala mosabisa zimene mungakwanitse, kuti akusankhireni chofunika koposa. Mthunzi, madzi, mpumulo ndi kope sizilira ndalama.

Nthawi ina imafika pamene mankhwala sakuthandizanso. Chiweto sichikudya, sichikugona, chikungolimbana ndi mpweya. Musachitaye kutchire, musachiphe ndi miyala kapena chingwe. Dokotala ali ndi jekeseni yogonetsa chiweto kuti chife popanda ululu. Mlonda amene wakutumikirani zaka khumi ayenera ulemu umenewo.

CHENJEZO LA CHIWEWE

Ndisanamalize, chenjezo lalikulu. Zonse ndanenazi muchite kwa galu kapena mphaka wanu, wodekha, wobayitsa katemera. Galu akayamba kutuluka dovu, kuluma chilichonse, kusintha kauwidwe, kapena kuoneka ngati watsamwa fupa nsagwada ili lende, musaike dzanja m'kamwa mwake. Chingakhale chiwewe. Chiwewe chimapha munthu. Talikirani, chotsani ana, itanani alangizi. Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Bayitsani katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Pa 28 September dziko lonse lapansi limakumbukira za kulimbana ndi matendawa. Tsiku lobayitsa katemera ndi mwayi wanu. Ngati galu wanu ndi wachikulire, pemphani kuti amumvetserenso mtima.

Amayi ndi abambo, ena ankati kuphunzira ukalamba n'kutaya nthawi. Lero mwaona kuti manambala amene mwaphunzira angakuuzeni zimene galu sangathe kunena. Usiku uno galu akagona, tengani wotchi, werengani, lembani. Tikadzakumananso, aliyense abwere ndi nambala yake, tidzafananize. Mudzaphunzitsenso mnansi wanu amene sanabwere.



MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mtima umafanana bwanji ndi mjigo?
2. Tchulani zizindikiro zinayi za matenda a mtima kwa galu.
3. N'chifukwa chiyani mphaka sayenera kudya nsima yokha?
4. Mwawerenga kupuma ka 17 m'masekondi 30. Pa mphindi imodzi ndi kangati? Kodi muchita chiyani?
5. Jambulani m'kope lanu mizere itatu, ndipo mulembe kupuma kwa chiweto chanu kwa sabata imodzi.